Dill sawokeredwa: kalimidwe kake pakhomo

Mafunso amene amandipeza okhudza dill ndi awiri okha, koma amabwera mobwerezabwereza. Wina amati, "Ndinafesa, palibe chatuluka." Wina amati, "Anamera bwinobwino, koma ndisanathyoleko n'kamodzi komwe wayamba kale maluwa." Ndalemba yankho lonse pano kuti wofunsa aliyense ndizingomulozera. Mavuto onse awiriwa amachokera pa mwezi umene mwafesa ndiponso pa zimene mwachita m'masabata anayi oyambirira, ndiye pamenepo ndichedwapo kwambiri.

Kwa inu amene simunamuonepo, dill ndi mbewu yonunkhira, ya masamba opyapyala kwambiri, ndipo ndi wa banja limodzi ndi karoti, koliyanda ndi fennel (mbewu ina yonunkhira yofanana naye). Kwawo ndi kumayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean ndi kumadzulo kwa Asia. Ku Russia, Ukraine, Poland, Sweden ndi Iran amamudya kawirikawiri, mu nsomba, mbatatesi, mpunga ndi nkhaka. Amwenye amamuphika ngati ndiwo zamasamba, ndipo m'masitolo mwawo mungamve akumutchula kuti suwa kapena sowa. Amayi ambiri fungo lake amalidziwa kale ngakhale mtengowo sanauone, chifukwa mafuta a njere zake ndi omwe amanunkhira mu gripe water. Moyo wake ndi waufupi: amamera, amakula, amachita maluwa, amabereka njere, amauma, zonsezi m'miyezi itatu kapena inayi. Sadzaphukanso pachitsa chomwecho.

1. Pezani njere zenizeni, ndipo muziyese

Njere za dill ndi zaphwatalala, zobulungira motalika pang'ono, zofiirira, ndipo m'mbali mwake muli kamzere kowalirapo. Za fennel ndi zotalika, zonenepa, zobiriwirako, ndipo mukatafuna zimatsekemera. Ambiri amasokoneza ziwirizi, makamaka akapatsidwa m'kapepala ndi mnzawo. Akadali aang'ono mitengo yake imafanananso, ndiye mutha kuthirira miyezi iwiri chinthu chimene simunachifune.

Mukagula za m'paketi, werengani dzina la mtundu. Mammoth ndi Bouquet amatalika ndipo amabereka njere zambiri. Dukat ndi wa masamba ambiri. Fernleaf ndi wamfupi, sachedwa kudzaza mphika koma amachedwa kuchita maluwa, choncho ndi amene ndimauza anthu a m'tauni kuti afunefune. Onaninso tsiku limene lalembedwa papaketi, chifukwa njere za dill zikapitirira zaka zitatu mphamvu yomera imatsika kwambiri.

Njere zogulitsidwa ngati zokometsera ndiwo zimatha kumera, zimathanso kukana. Musanawononge bedi, tengani njere khumi, zikulungeni m'kansalu konyowa, ikani m'mbale pamthunzi, ndipo muzinyowetsa tsiku lililonse. Pakatha masabata awiri werengani zimene zatulutsa kamuzu. Zikakwana zisanu ndi ziwiri, njerezo n'zabwino. Zikakhala zitatu kapena zinayi, mufese mothithikana. Zikakhala zosakwana pamenepo, ponyani mumphika wa nyemba mukagule zina.

2. Fesani nthawi yozizira

Dill sakonda kutentha. Dzuwa likayamba kuwotcha ndipo masiku akamatalika, iye amasiya kupanga masamba n'kuthamangira kubereka njere. Ndiye m'madera ambiri a kuno, monga Lilongwe, Kasungu, Zomba ndi Blantyre, nthawi yake ndi kuyambira kumapeto kwa mvula mu Epulo mpaka mu Julayi. Amene amafesa mu Seputembala kapena Okutobala kawirikawiri amabwera ndi dandaulo la maluwa lija. Palibe feteleza kapena mankhwala amene angaletse zimenezo.

Kumapiri monga Dedza, Ntcheu, Thyolo ndi Mzuzu nyengo imatalikirako, mutha kuyamba mu Malichi n'kupitiriza mpaka Ogasiti. Kuchigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi Nsanje, komanso m'mbali mwa nyanja, dalirani Meyi ndi Juni basi. Nthawi ya dzinja amamera ndithu, koma mvula yamphamvu imakokolola njere, imagwetsa mitengo, ndipo mbande zimawola patsinde. Ngati mukumufuna nthawi imeneyo, mulimeni mumphika pakhonde.

Musafese paketi yonse tsiku limodzi. Fesani mzere umodzi kapena iwiri, pakatha masabata atatu fesaninso ina, mpaka nyengo ithe. Mzere wakale ukamayamba maluwa, watsopano umakhala wafika pothyola.

3. Sankhani malo

Pakhale powala dzuwa maola osachepera asanu ndi limodzi, makamaka la m'mawa, ndipo pasakhale podikha madzi. Tsinde la dill ndi lamphako, ndiye mwera wa mu Juni ndi Julayi umamugoneka pansi mosavuta. Pafupi ndi mpanda kapena khoma, kumbali yosafikako mphepo, ndi pabwino. Pewani bedi limene mwangochotsamo karoti kapena koliyanda, popeza matenda awo ndi amodzi. Ngati muli ndi nkhuku zoyendayenda, tchingani kaye. Nkhuku imodzi ikhoza kufukula mzere wonse musanamalize kusesa pabwalo.

4. Konzani bedi

Gaulani mozama, masentimita 25 kapena 30, chotsani miyala ndi mizu, phwanyani zibuma zonse. Pamwamba pasalale bwino, chifukwa njerezi n'zazing'ono ndipo yogwera pansi pa chibuma siituluka. Bedi likhale lotambalala mita imodzi kuti muzifika pakati osapondamo. Dothi la makande sakanizanimo mchenga wa kumtsinje ndi kompositi wambiri, ndipo bedilo mulikweze.

Ndowa imodzi ya manyowa owolerana pa mita imodzi mulitali ndi mulifupi ndi yokwana. Ndikunena owolerana, akuda, osanunkha khola. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha mbande. Za yuleya iwalani. Dill wodyetsedwa feteleza wambiri amatalika msanga, amaoneka wokongola, koma amagwa yekha ndipo fungo lake limachepa, pamene fungolo ndi lomwe mukumulimira.

Amene mulibe malo, ndowa yakale kapena thumba la simenti zimagwira ntchito, bola kuya kwake kufike masentimita 30 ndipo pansi pabowoledwe. Chitini chachifupi sichingathandize, chifukwa chimene ndifotokoze tsopano.

5. Fesani pamalo pomwe adzakulire

Tinazolowera nazale. Tomato, anyezi, kabichi, repu, fodya, zonsezi timafesa panazale kenako n'kuwokera, ndiye dzanja limangochita zomwezo ndi mbewu iliyonse yatsopano. Dill ayi. Ali ndi muzu umodzi waukulu wolunjika pansi ngati wa mbale wake karoti, ndipo muzuwo ukaduka kapena kupindika pozula, mbandeyo imafota, kapena imapulumuka koma n'kuchita maluwa ikadali yaifupi. Munthu wina akakupatsani mbande zozula kwake, thokozani, koma mupempheko njere.

Thirirani bedi madzulo, mufese mawa lake. Lembani timizere ndi chala kapena kamtengo, kuya kwake theka la sentimita, kutalikirana masentimita 30. Theka la sentimita n'kochepa kuposa mmene ambiri amaganizira: chala chisalowe kupitirira chikhadabo. Chimanga timachikwirira, dill timangomufunditsa. Gwetsani njere motalikirana pafupifupi masentimita awiri. Zikamakuvutani kugwira, sakanizani ndi mchenga wouma wodzaza dzanja kuti zimwazike bwino. Wazani pamwamba dothi losefa kapena kompositi wosalala, kenako dindani pang'ono ndi chikhatho kuti njere zikhudzane ndi dothi. Zikani kamtengo kumapeto onse awiri a mzere. Timitengoti mudzatiyamika pa tsiku lopalira.

6. Masabata awiri oyamba

Mabuku ambiri pano amangoti thirirani mpaka zimere. Koma ndi pano pomwe anthu ambiri amataya mbewu yawo, choncho tiyeni tione bwino chimene chimachitika.

Njere ya dill imatenga masiku 10 mpaka 14 kuti imere, ndipo kukazizira kwambiri imafika masabata atatu. Nthawi yonseyi ili pa theka la sentimita kuchokera pamwamba, m'miyezi imene kulibe mvula, kuli mphepo, ndipo masana dzuwa limawala ndithu. Dothi lapamwambalo limauma pa maola ochepa. Njere ikayamwa madzi n'kuyamba kutulutsa kamuzu, kenako n'kuuma tsiku limodzi lokha, yafa, ndipo ngakhale mutathira madzi ochuluka bwanji mawa lake siidzukanso. Mwini wake amaona bedi lopanda kanthu n'kunena kuti anamugulitsa njere zakufa.

Vuto lachiwiri limabwera ndi madzi omwewo. Dothi lofiira la katondo mukalithira madzi mokhuthula, likauma limagwirana pamwamba n'kulimba ngati nkhoko za mumphika wa nsima. Mbande ya dill ndi yofooka, siingaboole pamenepo. Imapindikira pansi n'kufera momwemo.

Chochita ndi ichi. Mukangofesa, phimbirani mzerewo, kutanthauza kuyala chinthu pamwamba pa dothi kuti chinyezi chisathawe. Udzu wouma wopanda njere ndi wabwino, koma muyale mopyapyala, moti dothi lizionekera pang'ono. Kumene kuli chiswe gwiritsani ntchito chiguduli cha thumba kapena chitenje chakale, chifukwa udzu umaitana chiswe. Thirirani pamwamba pa chophimbacho kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, ndi kheni yokhala ndi sefa kukamwa kwake. Ngati mulibe kheni, bowolani timabowo tambiri ndi msomali wowonda pachivindikiro cha chigubu. Musathire ndi ndowa kapena paipi yotsegula. Madzi asadikhe, cholinga n'chakuti mukagwira dothi pansi pa chophimba lizikhala lonyowa nthawi iliyonse.

Kuyambira tsiku lachisanu ndi chiwiri, vundukulani m'mawa uliwonse muone. Mukangoona timbande toyamba, chotsani chophimba pamzerewo tsiku lomwelo, makamaka madzulo dzuwa litapepa. Mukachedwa masiku awiri, mbande zimatalika mumdima, zimayera, ndipo zikaona dzuwa zimagwa. Udzuwo musautaye, ukankhireni pakati pa mizere.

Ngati mukudziwa kuti m'masabata awiri amenewa muchokapo, kaya kumudzi kaya kuntchito yakutali, ndipo palibe wodalirika wothirira, dikirani mudzafese mutabwerako. Pa mbewu zina kujomba tsiku limodzi si nkhani. Pa dill amene sanamere, kujomba kumodzi n'kokwanira.

Chenjezo lina ndi la maonekedwe. Dill akangomera satulutsa masamba ake odziwika aja. Amayamba ndi timasamba tiwiri tatitali, towonda, tofanana ndi udzu. Mwana amene mwamutuma kupalira adzazula zonse n'kubwera kudzakuuzani kuti bedi layera. Mpaka masamba enieni atatuluka, palirani nokha, ndi manja, motsatira timitengo tija. Mukakayika, tikitani katsamba ndi zala mununkhize.

7. Patulirani, ngakhale zikuwawa

Kupatulira ndi kuchotsa mbande zina kuti zotsala zipeze malo. Aliyense amadziwa zimenezi pa chimanga, koma pa dill dzanja limalemera, chifukwa munthu wadikira masabata awiri ndipo mzere wobiriwirawo ukukongola. Ambiri amausiya. Mbande zothinana zimalimbirana madzi ndi kuwala, zimawonda, zimagwerana, ndipo mbewu yopanikizika imathamangira maluwa. Theka la amene amadandaula za maluwa ofulumira anafesa mwezi woyenera koma sanapatulire.

Chitani kawiri. Koyamba, mbande zikafika masentimita asanu, siyani imodzi pa masentimita asanu kapena asanu ndi atatu alionse. Kachiwiri, zikafika masentimita 12 mpaka 15, siyani imodzi pa masentimita 20 mpaka 25 alionse, pafupifupi kutambasula kwa dzanja kuchokera chala chachikulu mpaka chaching'ono. Mumphika kapena m'thumba siyani ziwiri kapena zitatu zokha.

Musazule. Mizu ya mbande zoyandikana imakolana, ndiye mukazula imodzi mwagwedeza inzake imene mukufuna kusunga. Dulani ndi sizasi kapena tsinani ndi zikhadabo pamwamba penipeni pa dothi, muzu utsale momwemo uwole. Siyani zonenepa patsinde, osati zotalika. Mukamaliza thirirani.

Zimene mwadulazo ndi zokolola zanu zoyamba, ndipo ndi zofewa kuposa zonse zimene mudzathyole. Tsukani muwaze pa mazira. Ndipo musayese kuziwokera pamipata pamene sipanamere. Pamenepo fesanipo njere zina.

8. Chisamaliro akakula

Akapitirira mwezi, dill safuna zambiri. Thirirani mokwanira kawiri kapena katatu pa sabata, madzi alowe pansi, m'malo mowaza pang'ono tsiku lililonse. Wa mumphika amauma msanga, muzimuona tsiku ndi tsiku. Thirani patsinde, osati pamasamba. Chisoso ndi bonongwe zulani ndi manja, khasu lisayandikire. Akafika m'mawondo, zikani nsungwi kapena bango m'mbali mwa mzere n'kukulunga chingwe kuti mphepo isamugwetse. Masamba apansi akayamba chikasu, yang'anani kaye ngati simukuchulutsa madzi musanaganize za njala. Ngati ndi njala, kompositi wodzaza manja awiri patsinde ndi wokwana.

9. Tizilombo

Chofala ndi nsabwe za m'masamba, zimene zimaunjikana kunsonga ndi pansi pa maluwa. Zikakhala zochepa zifinyeni ndi zala kapena zitsukeni ndi madzi. Zikachuluka, sungunulani kasupuni kamodzi ka sopo wamba mu lita imodzi ya madzi, poperani madzulo, mawa lake mutsuke ndi madzi oyera. Madzi a masamba a nimu amathandizanso. Mbozi zodula mbande usiku zimabisala m'dothi pafupi ndi tsinde limene zadula, fukulani ndi chala muzipeza. Mukaona zoyera ngati ufa pamasamba, dulani odwalawo ndipo muchepetse kuthithikana.

Mankhwala a m'botolo amene munatsala nawo popopera tomato asafike pa dill. Masamba ake timadya aawisi kapena ongofunditsa, ndipo timathyola pafupipafupi, palibe nthawi yodikira kuti mankhwala athe mphamvu. Komanso maluwa a dill amakopa njuchi ndi tizilombo tina todya nsabwe, moti mitengo iwiri kapena itatu yochita maluwa pafupi ndi kabichi ndi repu imakugwirirani ntchito.

10. Kuthyola masamba

Pakatha masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu chifesereni, mtengo ukafika masentimita 20 mpaka 30, yambani kuthyola. Chitani m'mawa mame atauma. Dulani masamba akunja pomwe alumikizana ndi tsinde, nsonga yapakati muisiye, ndipo musachotse kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo pa nthawi imodzi. Fungo limafika pachimake maluwa atatsala pang'ono kutuluka. Mukaona tsinde lapakati layamba kunenepa ndi kutalika mofulumira, dziwani kuti masamba atsala pang'ono kutha. Kutsina mutu wa maluwa kumakupatsani sabata imodzi kapena iwiri, osati kupitirira apo.

Dill wothyola amafota pa maola ochepa. Muimikeni m'kapu ya madzi pamthunzi, kapena mukulungeni m'kansalu konyowa mufiriji, akhala masiku angapo. Wouma pamthunzi amasungika koma fungo lambiri limathawa, ndipo wouma padzuwa amasanduka udzu. Amene muli ndi firiji yowumitsa, duladulani muike m'kabotolo, ndiye njira yosunga fungo bwino. Ngati mukuganiza zogulitsa kumalo odyera kapena ogona alendo, pezani kaye wogula musanathyole, ndipo katunduyo afike m'mawa womwewo.

Pophika, ikani masamba kumapeto, mutatsala pang'ono kuphula. Pa chambo chowotcha ndi mandimu, pa mbatatesi yowiritsa, mu chambiko chosakaniza ndi nkhaka, amakoma kwambiri. Mu nsomba ya tomato wambiri ndi anyezi wokazinga amamira, sindiona phindu lake. Popeza ndinatchula gripe water, ndinene poyera: musawiritse njere kapena masamba kuti mumwetse khanda. Mwana wosakwana miyezi isanu ndi umodzi ndi wa bere lokha, ndipo za m'mimba mwake mukafunse kuchipatala.

11. Kusunga njere za chaka chamawa

Sankhani mitengo itatu kapena inayi yamphamvu, makamaka imene inachedwa kuchita maluwa, ndipo imeneyo musiye kuithyola. Ambiri amasunga njere za mtengo umene unayamba kubereka, chifukwa ndi umene unapsa msanga, osadziwa kuti akusankha khalidwe lomwe akudandaula nalo.

Maluwa ake ndi achikasu, otambasuka mozungulira pansonga. Akafota pamabwera njere zobiriwira, ndipo pakatha masabata awiri kapena atatu zimasanduka zofiirira. Nthawi yodula ndi yaifupi. Mukadula zikadali zobiriwira sizidzamera, mukachedwa zimayoyokera pansi ndi kamphepo kalikonse. Dulani mutu pamene njere zambiri zafiirira koma zikadali zogwira, m'mawa kusanaume, mutatchera thumba la pepala kapena lichero pansi pake. Mitu siipsa tsiku limodzi, ndiye muzizungulira masiku awiri alionse.

Ikani mituyo chozondoka m'thumba la pepala, osati la pulasitiki, mupachike m'nyumba podutsa mpweya kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Kenako tikitani ndi manja, petani pang'onopang'ono pamalo opanda mphepo chifukwa njerezi zimauluka limodzi ndi mankhusu, ndipo muziyanikenso pamthunzi masiku awiri. Sungani m'botolo louma lotseka bwino, kutali ndi moto ndi dzuwa, mulembepo mwezi ndi chaka. Zotsala pa zofesa n'zokometsera: zikazingeni pang'ono, sinjani, ikani mu nyemba, mu kabichi kapena mu buledi. Zimene zinayoyokera pabedi zidzamera zokha mvula ikagwa. Zimenezo zisiyeni pomwepo, mungozipatulira.